Funsani Tikuyankheni: Tsiku la Chilimwe ndi Oimba a Kwathu

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ndipo sizodabwitsa, pakuti chilimwe chafika pachimake, kumunda kwatsala kusosa ndi kuunga mizere basi, ndipo mabanja akufuna kukumana mvula isanagwe. Tasankhapo makalata anayi.

FUNSO: Ndine bambo wa ana anayi, ndimagwira ntchito ku Lilongwe koma kwathu ndi ku Dedza. Chaka chilichonse mu Okutobala abale tonse timakumana kumudzi tsiku limodzi kuti ana athu azidziwana. Zaka zonsezi takhala tikubwereka masipika ndi jenereta, koma chaka chino ndaganiza zoitana anyamata anayi amene amaimba banjo ndi badza pamsika wa kwathu. Achimwene anga akukana, akuti zimenezo ndi zachimidzi ndipo ana a m'tauni akanyong'onyeka. Kodi ndikulakwitsa? Ngati sindikulakwitsa, tsikulo ndilikonze motani, nanga anyamatawo ndiwalipire bwanji?
Bambo wa ku Area 36, Lilongwe

YANKHO: Bambo, simukulakwitsa ayi. Ndiyambe ndi mawu a achimwene anuwo, chifukwa ndimawamva kawirikawiri ndipo amandipweteka mtima. Nyimbo zimene akuzitcha zachimidzizo ndi zomwe zinayamba kumveketsa dzina la Malawi kunja kwa dziko lino. Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka, ankaimba m'misewu ya mu Blantyre ndi gitala, chitoliro chachitsulo ndi badza la nsambo imodzi pamene Gerhard Kubik, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, anakumana nawo mu 1967, ndipo pofika 1972 anali atakaimba kale ku Ulaya. Kaimbidwe kawo ka kwela anakatola ali ana ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, koma anakaumba mwatsopano mpaka kanasanduka kathukathu. Allan Namoko wa ku Thyolo, amene sankaona, anatisiya mu 1995, komabe banjo yake ikamveka pa wailesi lero lino akuluakulu amayamba aleka kaye kulankhula. Ndipo si nkhani ya makedzana okha: a Madalitso Band, anthu awiri okha amene ankaimba m'misewu ya mu Lilongwe momwe mukukhalamo, anakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo kuchokera pamenepo aimba m'mayiko ambiri a ku Ulaya.

Za ana a m'tauni musade nazo nkhawa. Mwana amene anazolowera kumva nyimbo ikutuluka m'foni sanaonepo kumene mawu amachokera, ndipo tsiku limenelo adzaona ndi maso ake. Adzaona mnyamata atakhala pamwamba pa badza, lomwe ndi chibokosi chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, kamtengo kali kudzanja lamanja, botolo lopanda kanthu lili kudzanja lamanzere. Akamenya waya ndi kamtengoko, uku akutsetsereza botolo pa wayayo, mawu okhuthala amatsika ndi kukwera mpaka kumveka m'chifuwa cha aliyense amene wakhala pafupi. Adzaonanso kuti banjo ija ndi chitini cha mafuta, thabwa losema ndi mawaya a mabuleki a njinga. Kulikonse kumene ndaonako gulu lotere likuimba, vuto silikhala loitana ana koma lowabweza m'mbuyo pang'ono kuti oimba apeze potambasulira mikono.

Chimene chingakuwonongereni tsikuli ndi dzuwa. Simunatchule ngati kwanu ndi kumtunda kufupi ndi boma, kumene kamphepo sikasowa, kapena kumunsi cha ku Mtakataka ndi Golomoti, kumene mu Okutobala kumatentha ngati ku Salima, koma kulikonseko ndondomeko yake ndi imodzi. Masewera othamanga, monga mpira, fulaye ndi jingo, achitike m'mawa isanakwane 10 koloko. Nyenje zikayamba kulira mogonthetsa m'khutu, aliyense akhale pamthunzi: imeneyo ndi nthawi ya chakudya, ya thobwa, ya bawo kwa abambo ndi phada kwa atsikana. Oimba ayambe cha m'ma 3 koloko. Mwezi umenewu dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, choncho muli ndi maola pafupifupi atatu, ndipo amenewa ndi okwanira ngati mutawapatsa mpata wopuma pakati. Mthunzi wabwino koposa wa pakhomopo, kaya ndi wa mtengo wa mango kaya wa kachere, ukhale wa oimbawo, pakuti iwo ndi amene akhale akukhetsa thukuta pamene ena nonse mwakhala pansi. Ngati kumbuyo kwawo kuli khoma la nyumba ndi bwino kwambiri, chifukwa khomalo limabweza mawu kwa omvera. Mphasa ndi mikeka ziyalidwe pafupi, mozungulira ngati mwezi wongooneka kumene, ndipo pakhonde pakhale pokonzeka kuti mvula ya chizimalupsa ikakudzidzimutsani zipangizo zachikopa zibisidwe msanga.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani kuti muchigwiritse. Ngati achimwene anu aumirira masipika, gwirizanani kuti ayatsidwe usiku oimba atamaliza, osati m'mawa kapena pa nthawi yopuma. Khutu limene lakhala likumenyedwa ndi phokoso la masipika limamva banjo ngati kulira kwa udzudzu, ndipo anthu adzaweruza anyamatawo molakwa, osadziwa kuti vuto lili m'makutu mwawo momwe.

Tsopano za malipiro, zimene ndi mutu weniweni wa funso lanu. Mtengo woikika palibe, choncho pitani nokha kumsikako, mukamvere nyimbo zingapo, kenako mukawafunse mtengo wawo musanatchule wanu. Powerengera kumbukirani kuti ndi anthu anayi, kuti ataya tsiku limene akanapeza kangachepe pamsika, ndiponso kuti badza ndi katundu wovuta kunyamula pa kabaza. Muyeso wosavuta ndi uwu: ndalama zimene munawononga chaka chatha pa masipika, jenereta ndi mafuta ake zisapose zimene mukupatsa anthu amoyo anayi. Perekani theka ngati chikole tsiku logwirizana, ndipo zotsalazo mupereke asanayambe kuimba, m'manja mwa mtsogoleri wawo anzake onse akuona, kuti pasadzabuke mkangano panjira. Kufupa kukhale kowonjezera pamwamba pa malipirowo. Uzani abale abwere ndi ndalama zing'onozing'ono, ikani lichero patsogolo pa oimba, ndipo zonse zogwera m'licheromo ndi zawo. Chizolowezi cholipira oimba ndi mowa chawononga anyamata ambiri aluso, ndipo ndikukhulupirira kuti pakhomo panu sichichitika. Adye pa nthawi imene alendo akudya, ndiwo zake zomwezo.

Musaiwale kudziwitsa anyakwawa masiku akadalipo. M'mudzi mukagwa zovuta zoimbaimba zonse zimaima, choncho gwirizanani ndi anyamatawo kuti zikatero chikole chija chidzasungidwira tsiku lina. Kucheza kwa pabanja kosalipiritsa kulibe chovuta, koma tsiku limene mudzaganize zolipiritsa anthu pakhomo, yambani mwafunsa za chiphaso ku bungwe la COSOMA, limene lakhala likuyang'anira za umwini wa nyimbo kuyambira 1992.

FUNSO: Ndine mtsikana wa zaka 19 ndipo ndakhala ndikuphunzira gitala ku tchalitchi kwa miyezi 8. A kwaya yathu tikupita kukacheza kunyanja ku Senga Bay tsiku lonse. Ndikufuna kutenga gitala yanga koma ndikuopa kuti iwonongeka ndi kutentha. Ndamvanso kuti m'mbali mwa nyanja mumapezeka oimba a komweko. Kodi ndi mwano kuwapempha kuti ndiimbe nawo?
Mtsikana wa ku Mchinji

YANKHO: Chemwali, itengeni gitalayo, chifukwa gitala yosungidwa m'nyumba siphunzitsa munthu. Chimene muyenera kuopa kwenikweni ndi galimoto yotseka imene yaima padzuwa, pakuti m'kati mwake kutentha kumatha kufika madigiri 60. Gitala ndi matabwa opyapyala olumikizidwa ndi guluu, ndipo nsambo zachitsulo zisanu ndi imodzi zimakoka matabwawo usana ndi usiku ndi mphamvu yoposa makilogalamu 60. Guluu akafewa ndi kutentha, kathabwa komangirirapo nsambo kamayamba kumatuka. Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa zaka zapitazo, pamene ndinasiya gitala m'buti ya galimoto ku Salima komweko kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Potsegula chikwama ndinamva fungo la guluu wotentha, nsambo zonse zili lendelende, ndipo pansi pa kathabwa kaja panali mpata woti n'kulowetsapo chikhadabo. Mmisiri anaikonza, koma mawu ake sanabwererenso mwakale.

Choncho mukafika itulutseni, muiike pamthunzi ili m'chikwama chake, pamwamba pa chitenje osati pamchenga wotentha. Mukamaliza kuimba pukutani nsambo ndi kansalu kouma, chifukwa thukuta limazichititsa dzimbiri msanga. Nsambo zidzafuna kukungidwanso kangapo patsikulo, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa; tengani zapadera ziwiri zopyapyala zija, pakuti ndi zimene zimayamba kuduka. Ngati a kwaya atenga ng'oma, auzeni kuti kutentha kumakunga chikopa, n'chifukwa chake oimba ng'oma amaziwamba pa moto wa udzu gule asanayambe, uku akuzigogoda ndi chala kuti amve ngati mawu afika. Ng'oma yosiyidwa padzuwa la Okutobala imadziwamba yokha mopitirira muyeso, phula la pakati limasungunuka, ndipo chikopa chimatha kuphulika pa nyimbo yoyamba.

Kupempha kuimba nawo si mwano, malinga mutsate njira yake. Pitani ndi mnzanu mmodzi kapena awiri, perekani moni, khalani pansi, mverani nyimbo ziwiri kapena zitatu, ndipo muyambe mwafupa musanapemphe kanthu, chifukwa kwa inu ndi tsiku lokacheza koma kwa iwo ndi tsiku la ntchito. Pempho lanu lidikire nthawi imene apuma. Akavomera, kumbukirani kuti banjo yopanga pamanja sikungidwa motsatira kachipangizo ka m'foni; mwini wake amaikunga molingana ndi mawu a pakhosi pake, choncho ndinu amene muyenera kusintha nsambo zanu kuti zigwirizane ndi zawo. Mudzapeza kuti nyimbo zambiri zikuzungulira pa kagwiridwe ka zala katatu kamene munayamba kuphunzira ku tchalitchi, monga C, F ndi G, koma chovuta chili pa kayendedwe ka dzanja lamanja, ndipo chimenecho muchitole poyang'anitsitsa dzanja la woimba banjo. Yambani motsitsa, muli pambuyo pawo, pakuti akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Chipangizo cha mwini musachigwire asanakupatseni yekha, ndipo ndalama zogwa pamene inu mukuimba nawo ndi zawo.

FUNSO: Ndili ndi ana atatu, wamkulu wa zaka 12 ndipo wamng'ono wa zaka 4. Amandivutitsa kuti ndipite nawo ku zikondwerero za zoimbaimba zimene amamva pa wailesi, koma ndalama ndilibe zambiri, komanso ndimaopa uchidakwa. Ndi kuti kumene ndingapite nawo?
Mayi wa ku Mponela, Dowa

YANKHO: Mayi, muli ndi mwayi chifukwa chimene mukufuna chili m'boma lanu lomwelo. Ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, umene unatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene kale panali ndende, kumachitika chikondwerero cha Tumaini, chimene anachiyambitsa mu 2014 ndi mlakatuli wochokera ku Congo wodziwika ndi dzina lakuti Menes la Plume. Polowa salipiritsa, zambiri zimachitika dzuwa likuswa mtengo, ndipo ana anu akaona oimba ndi ovina a ku Congo, Burundi ndi Rwanda akusinthana bwalo ndi oimba a kuno kwathu. Ng'oma zazikulu za ku Burundi, zimene anyamata amalowa nazo m'bwalo atazisenza pamutu uku akuziimba, mwana saziiwala. Chikondwererochi chimachitika chakumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, ndipo tsiku lenileni limalengezedwa pa wailesi.

Zikondwerero zazikulu za kunyanja, monga Lake of Stars, imene inachitika koyamba ku Chintheche mu 2004, ndi Sand Music Festival, imene anaiyambitsa mu 2010 ndi malemu Lucius Banda, zathandiza kwambiri oimba athu, koma zimafuna ndalama za pakhomo, za ulendo ndi za pogona, ndipo zimafika pokoma usiku pamene mwana wa zaka 4 ayenera kukhala ali m'tulo. Zimenezo zidikire anawo akule.

Ndikukumbutseninso za mganda, umene ku Dowa ndi Ntchisi ndi kwawo kwenikweni. M'chilimwe magulu a m'midzi amayenderana, ndipo bwalo limadzaza popanda wolipira khobiri pakhomo. Guleyu anayamba potsanzira perete wa asilikali amene anabwera kuchokera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, n'chifukwa chake ovina amavala zoyera zositidwa bwino ndi kuima m'mizere. Mwana wanu wamkulu mumupemphere kuti aone pafupi lipenga la chipanda: kukamwa kwake amamatako kachikopa koyera kamene kangaude amaikiramo mazira, ndipo kachikopako ndi kamene kamanjenjemera ndi kupatsa lipengalo mawu ake onona.

Kulikonse kumene mungapite, tetezani makutu a anawo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2022 kuti phokoso la pamalo a zoimbaimba lisapitirire madesibelo 100, koma muyeso umene mungaugwiritse ntchito ndi wakuti ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene mwagundana naye phewa akumveni, pamenepo sipoyenera mwana, ndipo musunthire kutali ndi masipika. Tengani madzi okwanira, zipewa ndi paketi ya Thanzi ORS. Mwana akayamba kudandaula mutu, kufooka, kapena mkodzo wake ukakhala wachikasu kwambiri, mupititseni pamthunzi ndi kumumwetsa madzi pang'onopang'ono, ndipo akapanda kusintha thamangirani naye kuchipatala. M'thumba mwa mwana aliyense muikemo kapepala kolembapo nambala ya foni yanu.

FUNSO: Nditabwera kutchuthi ndinajambula pa foni agogo ena a m'mudzi mwathu akuimba bangwe masana pansi pa nkhokwe, ana atawazungulira. Anzanga kuno aukonda kanemayo ndipo akuti ndimuike pa Facebook ndi TikTok. Agogowo sindinawapemphe. Kodi pali cholakwika?
Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanaike, chifukwa chimene chalowa pa intaneti sichibwezeka. Nyimboyo ndi ya agogowo, ndipo lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 limateteza woimba ngakhale sanapondepo m'nyumba yojambulira. Palinso china chimene anzanu a ku Johannesburg sangachidziwe. Oimba bangwe amakonda kuimba zochitika m'mudzi, amatchula anthu maina, amadandaula za banja, nthawi zina amadzudzula ngakhale mfumu mokuluwika, podziwa kuti omvera ndi anthu a pamudzi amene akumvetsa pamene nthabwala ikuthera. Mawu omwewo akamveka kwa anthu masauzande, kuphatikizapo adzukulu a munthu wotchulidwayo, akhoza kudzetsa mlandu umene agogowo sanauganizire. Mverani bwinobwino mawu a nyimboyo musanachite china chilichonse.

Kufalitsa nyimbo za akuluakulu otere ndi chinthu chabwino chikachitika mwa ulemu. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930, anadziwikanso kwa achinyamata Patience Namadingo ataimba naye mu 2020, ndipo chakumapeto kwa 2021 nyimbo yake ina inafalikira pa TikTok m'mayiko ambirimbiri. Komabe atolankhani atakawapeza kumudzi anaona kuti mwini nyimbo sankadziwa n'komwe kuti TikTok ndi chiyani. Zimenezi ziyenera kutipatsa maganizo ife tonse amene timayenda ndi mafoni m'matumba.

Tumizani kanemayo kwa m'bale wanu wa kumudzi, apite kwa agogowo akawaonetse, pakuti mwina sanadzimvepo okha akuimba. Awafotokozere m'mawu osavuta kuti anthu a kutali, amene sadzakumana nawo, adzaonera, ndipo akakana nkhani ithere pomwepo. Akavomera, lembani dzina lawo ndi mudzi wawo monga iwo afunira, ndipo ndalama iliyonse imene ingabwere chifukwa cha kanemayo ifike m'manja mwawo, pamodzi ndi kangachepe kanu kamene simunawafupe tsiku lija. M'bale wanuyo akafika, awafunsenso amene anawaphunzitsa bangwe, mtengo umene anasemera thabwalo, ndi mmene amakungira waya wake, ndipo mayankhowo awajambule.